Lumo ndi Mapepala a Apongozi Anga

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale ana anga. Mkazi wanga Esinati tinamuika m'manda mwezi wathawu, ndipo iye ali moyo sindikanaiyamba, pakuti ndi nkhani ya mayi ake. Mwa onse amene anaona zimene ndikulembazi ndatsala ndekha. Kulemba ndinaphunzira mutu uli kale mbuu, kusukulu ya kwacha, choncho dzanja langa limachedwa. Mundipirire.

Dzina lawo linali a Muhiwa. Ndalilemba apa, koma pakamwa panga silinatulukepo, chifukwa mkamwini satchula dzina la apongozi ake. Sawayang'ana kumaso, sadya nawo, salowa m'nyumba mwawo. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire mpaka wina adutse. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzi pawo ndinawadziwa mapazi, manja ndi mawu. Mapazi anali aang'ono, ong'aluka zidendene. Manja anali ouma ngati makaka, koma sankanjenjemera. Nkhope yawo ndinaiona kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo ndi limene linawachotsa pakati pathu.

Anali Mlomwe. Anawoloka mtsinje wa Ruo kuchokera kwa Apwitikizi, Esinati ali kumsana, masiku amene Alomwe ankabwera m'magulu kudzapempha malo kwa azungu a minda ku Thyolo. Malo anapatsidwa, koma a thangata: umange, ulime kamunda kako, koma manja ako ndi a mwini dziko, ndipo tsiku limene wamukwiyitsa unyamuka. Amuna awo anafa mtengo utawagwera pamene ankaswa mphanje kuti padzalidwe tiyi. Ine ndine Mmang'anja wa ku Chimaliro. Ndinkakhoma mabokosi a tiyi kufakitale, ndipo nditakwatira Esinati ndinamanga pafupi ndi nyumba ya mayi ake, monga mwa chikamwini.

Kwawo kuja a Muhiwa anali katswiri wotema mphini. Sindikunena mphini za mankhwala ayi, koma zokongoletsa, zimene atsikana ankatemedwa pamphumi, m'masaya ndi pamimba akatha msinkhu. Akuti anthu ankayenda mtunda wautali kuwafuna. Koma kuno atsikana anayamba kupita kutchalitchi, aphunzitsi anati mphini ndi zachikunja, ndipo ngakhale Esinati, mwana wawo yemwe, anakana. Lumo linatsala lopanda ntchito. Linali lumo lachikale, losulidwa ndi mmisiri wa kwawo, ndipo ankalimangirira m'chiuno m'kansanza. M'mawa uliwonse ankalinola pamwala, ngakhale panalibe womutema. Phokoso limenelo ndi limene linkatidzutsa, tambala asanamalize.

Mapepala anabwera ndi ine. Tsiku lina ndinatola mbali ya bokosi losweka kuti ndikakhomere chitseko cha khola la nkhuku. M'kati mwa mabokosi a tiyi tinkayalamo pepala lonyezimira ndi lina loyera, lopyapyala, kuti tiyi asalowe chinyezi. Ndinatsamiritsa thabwalo kunkhokwe. M'mawa mwake ndinapeza thabwa palibe. Patapita masiku ndinaliona pakhonde la apongozi likuuma padzuwa. Pepala lonyezimira lija linali litadulidwa timizere topyapyala ngati udzu, tina towongoka, tina topindika, ndipo pakati pake panali kachidutswa kamodzi kakuda. Sichinali chithunzi cha munthu kapena nyama. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinamva kutsokomola m'nyumba, ndiye ndinachoka.

Kuyambira pamenepo ndinkasiya mapepala ndi matabwa pansi pa nkhokwe, kutsokomola, n'kumapita. Popeza sitikanatha kulankhulana, tinkatuma zinthu za pabwalo.

"Nkhuku inu," ankatero mokweza, ine ndili kuseri kwa nkhokwe, "kauzeni munthu amene amasiya mapepala apa kuti oyera achuluka. Kodi kufakitale kwawoko kulibe ofiira?"

"Nkhokwe iwe," ndinkayankha ine, "ofiira amakhala kwa Mmwenye kuboma, amakulungira nsalu. Loweruka ndikapempha."

"Nkhokwe imeneyi inaleredwa bwino," ankatero. "Koma ikamapempha isatenge onyowa ngati aja a tsiku lija."

Esinati ankaseka mpaka kugwira m'nthiti.

Ndinkawapezera pepala lobiriwira lokulungira shuga, lachikasu la pa mabokosi a machesi, lofiira la pa mipukutu ya nsalu. Mitundu imene inkasowa ankaipanga okha. Lakuda ankalipaka mwaye wosakaniza ndi mafuta a nsatsi. Lofiirira ankaliviika m'madzi a tiyi wotayidwa. Chomatira chinali phala la ufa wa chinangwa, lothira madzi a fodya kuti mphemvu ndi chiswe zisadye. Ankakhala pakhonde atatambasula miyendo, thabwa pantchafu, n'kumadula pepala pa chipande cha chikho. Sankayamba ajambula ayi. Lumo linkangoyenda. Akadula kachidutswa ankakanyambita, n'kukaika pathabwa mongoyembekezera, n'kupita kumunda. Pobwera ankakasuntha pang'ono. Kachidutswa kamodzi kankatha kuyendayenda pathabwa mpaka mwezi kuoneka wina, kasanalawe phala. Ndipo ankalankhula nato m'Chilomwe, motsitsa mawu, monga mmene munthu amanyengerera mbuzi kuti ilowe m'khola.

Ankati diso lili ndi njala yakeyake, yosiyana ndi ya m'mimba, ndipo munthu amene salidyetsa limayamba kudya za eni. Ankati pepala lofiira silikhala pafupi ndi lofiira linzake osakangana, pamafunika wamkulu pakati. Ankatinso chimene chimagwa pansi ukamadula nthawi zambiri chimaposa chimene umafuna kudula, choncho sankataya kanthu. Zotsalira zonse ankazisunga m'nsengwa, ndipo mwana wokhudza nsengwa imeneyo ankalawa chikoti, ngakhale akhale mdzukulu wokondedwa.

Sanali munthu wofewa. Chaka china cha njala, mwezi umene chimanga chimakhala chisanakhwime, Esinati anawapeza akuphika phala la mapepala ndi ufa umene unatsala wokha m'nyumba. Anakangana koopsa, mwana ndi mayi ake, mpaka anthu anatuluka m'nyumba kudzaonera.

"Mayi, ana agona ndi njala chifukwa cha zinyalala?"

"Ufa wodzaza chikhatho ukhutitsa ndani? Uphike chigwada, chili mbwee kumundako."

"Mapepala amenewa tidzadya?"

"Iwe ndinakubereka, koma maso unatengera atate ako."

Anakhala osalankhulana mpaka chimanga chinacha.

Anakangananso ndi aphunzitsi a kumishoni. Iwo atamva kuti pali mayi wodziwa kudula mapepala, anabwera Khirisimasi ili pafupi kudzapempha nkhosa ndi nyenyezi zokapachika m'nyumba yopemphereramo. Apongozi anavomera ndi mutu. Tsiku lotenga litafika anatulutsa thabwa la zidutswa zoyera zosanjikizana, mzere umodzi wobiriwira utazidula chopingasa.

"Nanga nkhosa ili pati, amayi?"

"Nkhosa zili kwa a kapitao. Pitani mukazione, zikulira ndi kulira komwe."

"Ine ndinapempha chithunzi."

"Chimene chili ndi nkhope chili naye kale amene anachipanga. Ine ndichipangirenso chiyani?"

Aphunzitsi anapita osatenga thabwa. Lamulungu lotsatira analalikira za manja osowa ntchito, kuti Satana ndiye amawalemba ganyu. Sanatchule dzina, koma mitu inatembenukira kwa Esinati.

Mpaka apo anthu ankangoti nkhalamba ija mutu unasokonekera ndi umasiye. Ankaseka. Kuseka kunatha dzinja limene kamwazi analowa pamudzi.

Ana anayamba kufa. Sabata inkatha ndi maliro, ina n'kuyamba ndi maliro, ndipo makasu okumbira manda sankabwezedwanso kwa eni ake. Panali mayi wina woyandikana nafe, make Lusiya, amene tsiku lina anabwera kudzapala moto kwa apongozi. Pakhonde panali thabwa latsopano: pepala lalikulu lofiirira, pakati pake kachidutswa kakang'ono kakuda, kotalika ngati chala. Lusiya anali akusewera panja tsiku limenelo. Asanathe masiku ambiri tinamuika. Pamaliro, pakati pa kulira, mayiyo anafuula kuti manda amenewa anawaona kale, anawaona pakhonde la a Muhiwa mwana wake ali moyo.

Anthu anapitiriza kulira ngati sanamve. Koma mawu otere sagwa pansi.

Anthu anasiya kupala moto kwathu. Kuchitsime amayi ankati akaona Esinati nkhani zii. Ena ankadutsa dala kuseri kwa nthochi kuti asuzumire pakhonde, ndipo madzulo mbiri inkazungulira: lero adula lakuda, lero adula tiwiri tating'ono, ndani ali ndi mapasa? Munthu aliyense anayamba kudzifunafuna pamatabwa aja, ndipo aliyense wofuna ankadzipeza.

Tsiku lina kunabwera Thomu, mwamuna wamphamvu wodulira tiyi, atanyamula nkhuku kukhwapa. Anagwada patali ndi khonde.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Ngati ndinakulakwirani, nayi nkhuku. Mundichotsepo."

"Ndikuchotse pati?"

"Pathabwapo."

"Uli pati? Bwera undionetse."

Thomu sanayandikire. Analoza ndi kamtengo kamzere kachikasu, koonda, kopendekeka chakumphepete.

"Ako ndi ka machesi," anatero apongozi. "Iwe ndi thupi lonseli ungakhale ka machesi?"

"Chonde, amayi. Ingokamatulani."

"Ndakafunira malo kuyambira mvula isanagwe, ndipo ndawapeza. Sindikachotsa. Tenga nkhuku yako ukadyetse ana."

Sindikhulupirira kuti ankadziwa chimene akuchita. Kapena ankadziwa, koma analibe nazo ntchito. Mlungu womwewo chikwanje chinamuphonya Thomu n'kumutema mwendo, bala linatukusira, ndipo anayamba kuyenda ndi ndodo.

Ine ndinasiya kubweretsa mapepala. Nkhuku zinatumidwa kudzafunsa ngati fakitale yatsekedwa, koma nkhokwe sinayankhe. Apongozi sanafunsenso. Anayamba kudula zotsalira za m'nsengwa, ndi makungwa ouma a nthochi.

Masiku amenewo n'kuti mbiri ya anthu a mchape itafika kuchokera cha ku Mulanje. Ankayenda mudzi ndi mudzi ndi kalilole woonera mfiti ndi mankhwala ofiira omwetsa anthu onse. Ankati womwa mchape ufiti sumugwira, koma mfiti ikamwa n'kubwereranso ku ntchito zake, imafa pompo. Pa esiteti pathu mabanja anali atayamba kuthawa chifukwa cha maliro aja, masamba a tiyi akukalamba pamitengo osathyoledwa. Tsono kapitao wathu, a Juwawo, anakapempha kwa mzungu kuti a mchape abwere anthu akhazikike mtima. Mzungu anati achite zimene akufuna, bola Lolemba anthu akhale m'munda.

Nditamva, ndinapita kukaima pafupi ndi mtondo umene unali pakati pa nyumba zathu. Apongozi anali pakhonde, atandifulatira.

"Mtondo iwe," ndinatero, "kukubwera anthu a kalilole. Munthu wanzeru akanatenga matabwa ake n'kukawakwirira m'nthochi mpaka alendo adutse."

Lumo linaima.

"Musi iwe, uuze mtondo kuti chobisa ndi chakuba. Ine ndinaba chiyani?"

"Mtondo, anthu ali ndi chisoni. Wachisoni saona bwino."

"Musi, ndikabisa adzati ndabisa chifukwa ndikudziwa. Ndikasiya adzati ndasiya chifukwa sindiopa. Bola ndisavutike ndi kukumba."

Lumo linayambanso kuyenda. Munthu wina akanapita kukakhala patsogolo pawo, kuwagwira manja, kuwachonderera. Mkamwini sangatero. Ndinaima pamenepo ndi mtondo mpaka ndinachita manyazi.

Anabwera Lamulungu masana, anthu atatuluka m'tchalitchi. Mtsogoleri wawo anali mwamuna wa msinkhu wanga, wovala nsapato ndi chipewa, wolankhula mofatsa ngati mlaliki. Anatiimika m'mizere pabwalo, amuna kwawo, akazi kwawo. Iye anatifulatira atakweza kalilole wake wamng'ono, ndipo tinkadutsa kumbuyo kwake mmodzimmodzi. Amene wamuitana ankatumidwa kukatenga zimene anabisa. Pofika dzuwa litapendeka panali mulu wa nyanga, nsupa ndi zithumwa, zina zotuluka m'nyumba za akuluakulu a mpingo. Palibe ankaseka mnzake.

Apongozi atadutsa, mwamunayo anayang'ana m'kalilole nthawi yaitali. Ndikudziwa kuti anali atauzidwa kale.

"Amayi awa ali ndi katundu kunyumba."

Anyamata ake anapita ndi a Juwawo. Anabwera atasenza matabwa, n'kuwatsamiritsa pamitengo ya bulugamu m'mphepete mwa bwalo. Aka kanali koyamba kuwaona onse pamodzi padzuwa. Ena anali odzaza mpaka m'mphepete, mitundu ikukankhana. Ena anali ndi zidutswa zochepa chabe ndi malo aakulu opanda kanthu. Pepala lonyezimira linkaponya kuwala m'maso mwa anthu, ndipo amayi ena anaphimba nkhope za ana awo. Anyamata aja ananenanso kuti m'nyumbamo muli khoma lathunthu lomatidwa zomwezo, limene sakanatha kulinyamula.

"Amayi, ichi n'chiyani?" anafunsa mwamuna wa kalilole.

"Mapepala."

"Ndikuona kuti ndi mapepala. Ntchito yake n'chiyani?"

"Kuyang'ana."

"Ndiye tikayang'ana tione chiyani?"

"Chimene chilipo. Apa pafiira, apa pada, apa ndasiya."

Mwamunayo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa ife. Sanakweze mawu.

"Abale anga, mphasa timagonera. Mphika timaphikira. Mkanda timavala kuti atione. Kodi munaonapo munthu akusamala chinthu chopanda ntchito chonchi, kuchiphikira phala, kulankhula nacho? Chinthu chimene mwini wake akukana kutchula dzina lake, dzina chili nalo."

Anayamba kuitana anthu kuti anene zimene akuona. Make Lusiya analoza manda a mwana wake pathabwa lija. Thomu analoza mwendo wake. Nkhalamba ina inaona nyumba ikupsa. Mayi wina woyembekezera anayang'ana thabwa limodzi, anakuwa, n'kugwa pansi osanena chimene waona. Phokoso linayamba kukwera ngati njuchi zikafuna kutuluka mumng'oma, ndipo ndinaona amuna ena akuyang'ana pansi pofuna miyala. Esinati anali atagwada pambali pa mayi ake, khanda lili kumsana.

Sindikudziwa mmene ndinaimirira.

"Pepani akuluakulu," ndinatero. "Ine ndine mkamwini pakhomopo, ndipo mapepalawa ndinkabweretsa ndine. Iyi ndi minda ya tiyi. Ndinawapempha ndine, kudzera mwa mkazi wanga, kuti andipangire minda ya esiteti monga imaonekera munthu ukaima paphiri. Onani, mizere iyi ndi tiyi. Ichi chonyezimira ndi denga la fakitale. Chakudachi ndi damu."

Anthu anayang'ananso. A Juwawo, amene sankafuna magazi pa esiteti, anayandikira n'kuwerama.

"Eya," anatero. "Uwu ndi msewu wopita kuboma uwu. Apa ndi pamene pamakhota ngolo."

"Nanga kachikasuko?" anafunsa wina.

"Ngalande," ndinatero.

Ndinamva anthu akupuma. Wina anaseka pang'ono. Ngakhale mwamuna wa kalilole anapendeketsa mutu, ndipo ndinaona kuti akhoza kulandira mawu angawo, pakuti mulu wa nyanga unali utakula kale mokwanira. Chinatsala n'chakuti apongozi akhale chete.

Apongozi anadzuka. Anayenda kudutsa bwalo lonse mpaka anaima patsogolo panga, pafupi moti ndinamva fungo la fodya wawo. Ndinagwetsa maso pamapazi aja.

"Apongozi," anatero. "Dzutsani mutu."

Sanatume nkhuku, sanatume musi. Analankhula kwa ine. Ndinadzutsa mutu.

Nkhope yawo inali yaing'ono kuposa mmene ndinkaganizira, yodzaza mphini kuyambira pamphumi mpaka kuchibwano, timizere tosanjidwa bwino kwambiri. Maso sanali okwiya. Anandiyang'ana monga mmene ankayang'anira kachidutswa kamene kakhala pamalo olakwika.

"Mwachita ulemu, ndaona. Koma musandinamizire. Si munda. Munda uli apo, aliyense akuuona, ndipo unandidyera mwamuna. Ine ndingaupangirenso chiyani? Simunandipemphe kanthu, ndipo ine sindinapangire munthu."

Amayi a pabwalopo anagwira pakamwa. Ndinamva wina akunong'ona kuti, "Wamuyang'ana mkamwini m'maso." Wina anati, "Pagulu." Kwa anthu a kwathu, zimenezo zinaposa matabwa onse aja. Mayi amene angaime maso ndi maso ndi mwamuna wa mwana wake, osachita manyazi, ndiye kuti manyazi anawasiya kwina, ndipo aliyense ankadziwa kumene anthu amasiya manyazi. Make Lusiya anayamba kulira mokweza. A Juwawo anabwerera m'mbuyo, kuchoka pamatabwa paja.

Mwamuna wa kalilole anakweza dzanja kuti anthu asaponye kanthu. Anatunga mchape m'chikho n'kuwapatsa.

"Ife sitipha munthu, amayi. Imwani. Mupereke lumo, mapepala tiwotche, mukhale ndi ana anu mwamtendere."

Apongozi analandira chikho ndi manja awiri.

"Ndikamwa, n'kudzadulanso pepala?"

"Mudzafa."

"Ngakhale khungwa la nthochi?"

"Mukudziwa nokha."

"Amene samwa sagona pa esiteti pano," anatero a Juwawo, osayang'ana munthu. "Mawa anthu akuyenera kulowa m'munda. Sindingathe kuwagwira ngati mayi awa ali pano osamwa."

Esinati anakwawa ndi maondo n'kugwira miyendo ya mayi ake.

"Mayi, imwani. Ndi mapepala chabe. Mayi, taonani mwanayu, simunamumete n'komwe tsitsi. Mupita kuti pa msinkhu wanuwu?"

Iwo anayang'ana m'chikhomo nthawi yaitali, akuchipendeketsa uku ndi uku.

"Kufiira kwake n'kwabwino," anatero. Kenaka anachiika pansi mosamala, osataya ngakhale dontho. "Mwana wanga, nkhope yako unandikaniza, ndinakhala chete. Atsikana onse anandikaniza, ndinakhala chete. Tsopano ndikhale pakhonde manja ali pamiyendo, ndikudikira phala ngati khanda? Ndikamwa ndidzadula ndithu, ndikudzidziwa. Ndiye mudzakhala mukundiyang'ana m'mawa uliwonse kuti muone ngati ndafa. Iyayi."

Anamasula manja a Esinati chala chimodzichimodzi. Anapita kunyumba, anthu akuwapatukira. Anatuluka ndi mphasa, kamphika ndi nsengwa ija pamutu, n'kutsata njira yotsikira kummawa, ya ku Ruo, dzuwa likadalipo. Esinati anawathamangira mpaka kumalire a tiyi, ndipo anabwera yekha.

Ine ndinatsala pabwalo. Mzere unayambanso kuyenda, chikho chinafika kwa ine, ndipo ndinamwa. Unali wowawa, wa thovu ngati sopo. Ndinadziuza kuti mkamwini sayenda njira imodzi ndi apongozi ake. Koma mwambo umenewo iwo anali atauthyola kale masana omwewo, anthu onse akuona, ndipo ine ndinautola n'kubisalamo.

Matabwa anawotchedwa pamphambano pamodzi ndi nyanga. Kamwazi anapitirira mpaka mvula inatha. Za apongozi sitinamvenso chenicheni. Wina anati anawaona akuwoloka, wina anati anafera m'njira, wina anati kutsidya kuli nkhalamba imene imadula masamba. Ndinapitako chilimwe chotsatira kukafunsa, koma midzi imene Esinati ankamva mayi ake akuitchula mayina inali itasamuka. Mkazi wanga sanandinenepo mawu oipa pa nkhaniyi, ndipo sanaitchulenso. Koma mpaka imfa yake sanalole pepala lililonse kupachikidwa pakhoma m'nyumba mwathu, ngakhale kalendala ya mpingo.

Tsiku lomwelo la mchape, dzuwa likulowa, a Juwawo anaima pakhomo panga. Anati khoma lija latsala, ndipo palibe amene akufuna kulowa m'nyumbamo. Anati popeza mapepala ndinkabweretsa ndine, ndikalipale ndi khasu, zopalazo ndikatenthe, mawa anthu asanabwere kuchokera kumunda.

M'mawa mwake ndinatenga khasu. Pakhomo ndinati odi, ngakhale ndinkadziwa kuti mulibe munthu, ndipo ndinalowa m'nyumba ya apongozi anga koyamba.

Munali mdima, ndipo ndinayamba ndadikira kuti maso azolowere. Kenaka khoma linatuluka. Linali lomatidwa kuyambira pansi mpaka kumitengo ya denga. Zam'munsi zinali zakale, zoderako ndi utsi. Zam'mwamba zinali zowala, ndipo sindikudziwa chimene ankakwerapo kuti afikeko. Chapakati panali malo aakulu ngati lichero amene anali asanamatidwe, ndipo pansi pake panagwera tizidutswa timene tinali tisanapeze pokhala. Ndinafunafuna manda, sindinawapeze. Ndinafuna munda, ndinafuna nkhope ya munthu, ndinadzifuna ndekha. Munalibe. Munali kufiira, kuda, kunyezimira, ndi malo osiyidwa, chilichonse chitakhala pamene chinayenera kukhala, moti diso likayamba kuyenda silinkafuna kuima. Ndinakhala pansi pakati pa nyumbayo mpaka kuwala kwa dzuwa kunalowa pakhomo.

Ndinaika khasu pakhoma kuti ndiyambe kupala. Manja anakana.

Ndinatuluka, ndinakumba dothi kuseri kwa nyumba, ndinatunga madzi, ndinaponda matope. Tizidutswa ta pansi tija ndinatitola n'kutiika pa malo opanda kanthu aja, osadziwa ngati ndatiika bwino. Kenaka ndinayamba kumata khoma lonse ndi dothi, kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndi manja, pang'onopang'ono kuti mapepala asang'ambike. Nditamaliza ndinakhala pakhomo kupuma. Dothi litayamba kuuma, m'mphepete mwa zidutswa munayamba kuonekera, timizere totukuka pansi pa matope, apa chozungulira, apa chosongoka. Ndinapondanso matope ena n'kumata kachiwiri, mochindikala, mpaka sipanaonekenso kanthu.

M'nyumbamo munatsala mafuwa ozizira, chikho chosweka, ndi pamalo posalala pamene pankakhala mphasa. Khoma linali lofiirira lonse, lonyowa, lofanana ndi khoma la nyumba ina iliyonse pamudzipo. Munkanunkha dothi ngati kumanda tikangomaliza kukwirira. Ndinasamba m'manja panja, ndinatseka chitseko, ndinachimanga ndi luzi.